Tsiku Limene Ndinayatsa Pampu ya Ababa

Ndikukumbukira bwino tchuthi cha chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, chifukwa ndi tchuthi chimene ndinachotsetsa ababa ntchito. Ndanena poyambirira pomwe kuti musafulumire kundimvera chisoni.

Masiku amenewo ku Nkopola kunalibe mtsikana wondiposa pa fulaye. Kwa amene simunasewereko, anzako awiri amaima uku ndi uku n'kumakugenda ndi mpira wa mapepala, iwe uli pakati ukuzinda, ndipo mpira ukangopita patali umagwada msangamsanga n'kumadzaza mchenga m'botolo. Likadzaza mwawina. Manja anga ankaudziwa mchenga, ndipo ndinkanyada nawo. Koma kukhala pansi ndiye kunkandikanika. M'kalasi miyendo inkangogwedera yokha, kumadrasa chimodzimodzi, moti amayi ankachita kundiuza kuti, "Asiyatu, mkekawo suluma, takhazikika."

Ababa, amene anthu ankawatchula kuti Che Saidi, anali msodzi kuyambira ubwana wawo mpaka pamene mphumu inawagwira. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti akapitiriza kuchezera pamadzi ndi mphepo ya mwera, chifuwacho chidzawatenga. Imene inawapulumutsa inali ntchito yoseketsa ndithu kwa munthu wa kunyanja: kusamala nsomba zosadyedwa.

Ntchitoyo inali pa loji ina yaing'ono ya mayi wamasiye, Abiti Selemani. Malemu amuna awo anakulira kugombe la nyanja ya mchere ku Mozambique, ndipo pofuna kuti asamapukwe kwawo anaika thanki yagalasi m'chipinda chodyera alendo, yaitali ngati bedi. Taganizani, nyanja ili poteropo, madzi aulere, koma a m'thankiyo ankachita kupangidwa. Mchere wake unali wapadera, wobwera m'zidebe kuchokera kutali. Ankausungunula m'madzi osefa, n'kuwasiya agone tsiku lathunthu, kenako n'kuwayeza ndi kagalasi koyandama. Mkatimo munali miyala yamoyo yotulutsa tinthu tonga maluwa timene tinkagwedezeka tokha, tinsomba tingapo ting'onoting'ono, ndi nsomba imodzi yachikasu, yaphanthiphanthi, ya kamwa losongoka. Antchito ankaitcha Ndimu.

Ndimu ndiyo inali yotsala yokha pa nsomba zimene malemuwo anaika ndi manja awo. Abiti Selemani ankamwera tiyi pafupi nayo m'mawa uliwonse, nthawi zina akuiyankhula. Asodzi anzawo ankawaseka ababa kuti asanduka mlezi wa nsomba, iwo n'kumangoseka nawo. Kunyumba ankatiuza kuti, "Isekeni, koma ndi imene ikukudyetsani. Tsiku limene idzafe, nanenso ndidzabwerera pa nkhafi." Tinkayesa nthabwala.

Chimene alendo sankaona chinali m'kabati ya pansi pa thankiyo. Mmenemo munali thanki ina yaing'ono, yosakongola, imene ababa ankaitcha mimba. Madzi a pamwamba ankatsikira mmenemo kudzera m'paipi, n'kusefedwa, kenako pampu inkawakankhira m'mwamba kuti abwerere kwa nsomba. Usana ndi usiku ankangozungulira choncho. Tsono potsika ankatenga timchenga ta m'thanki yaikulu, ndipo kwa zaka zambiri mchengawo unaunjikana m'mimbamo mpaka kufika muyezo wa chikhatho. Pampu inayamba kuumeza. Ukatchera khutu unkaimva ikukukuta ngati munthu wadya mpunga wosasankha bwino.

Ababa anaganiza zouchotsa pa tchuthi chimenecho, ndipo pankafunika anthu awiri. Chipindacho chinali pa khonde lalitali, choncho iwo ankazimitsa pampu, n'kugwada pa kabati atagwira nsonga ya paipi yopyapyala, pamene ine ndinkaima pansi pa masitepe ndi ndowa, nditagwira nsonga inayo. Ndinkayamwa paipiyo mpaka madzi atayamba kuyenda, n'kulavula mcherewo, basi mchenga n'kumatsika nawo. Akati "tseka" ndinkatseka ndi chala chachikulu, akati "tsekula" n'kutsekula. Ndowa ikadzaza, yatha. Ankadikira kuti madzi a m'mimbamo adekhe mpaka ayere, n'kuthiramo ndowa imodzi ya madzi atsopano amene anakonza dzulo lake, kenako n'kuyatsa pampu. Mchenga wochoka pa tsiku sunkadzaza ndi kapu yomwe.

Zinkandinyong'onya zedi. Tsiku lachitatu ndinalephera kupirira.

"Ababa, bwanji osangoola wonsewo kamodzi? Ineyo ndikhoza kumaliza musanathe kumwa tiyi."

"Pamwamba pakewo ndi poyera," anatero osatembenuka, "koma pansi pake pagona zoipa za zaka zambiri. Ukazidzutsa zonse tsiku limodzi, ukazigoneka kuti? Tseka."

Ndinatseka, koma mumtima ndinkawerenga masiku. Pa liwiro limeneli tchuthi chonse chikanathera pansi pa masitepe, ine chala chili pa paipi, anzanga akudzaza mabotolo.

Lachisanu la sabata yachiwiri tinayamba mochedwa chifukwa kunali alendo amene anachedwa kudya. Pamene tinkamaliza ndowa yathu, kumzikiti anali atayamba kale kuitana. Ababa anasuzumira m'kabati, naona kuti madzi sanayere. Anasamba, navala mkanjo wawo ndi chisoti, n'kundiloza mpando.

"Pampu ndaisiya yozima. Nsomba zipirira mpaka ndibwere. Iwe ntchito yako ndi imodzi: khala apa, uonetsetse kuti munthu asakhudze switchi iyi. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

Anapita pamodzi ndi akhuki ndi alonda. Abiti Selemani anali atapita kutauni. Palojipo panangoti zii, ndipo popanda kulira kwa pampu chipindacho chinkamveka ngati mwachitika maliro. Ndinakhala. Ndinaimirira. Ndinawerenga tinsomba, n'kuwerenganso. Kenako kuseri kwa mpanda kunabuka phokoso la anzanga, wina akukuwa kuti botolo latsala pang'ono, ndipo mapazi anga anayamba kuyabwa. Ndinatsekula kabati kuti ndingoona. Mchenga unali phee, woyera bwino, wosasiyana ndi wa pabwalo lathu la fulaye.

Maganizo anabwera okoma kwambiri. Ndikauchotsa wonse, ababa adzapeza ntchito ya mwezi itatha pa ola limodzi. Adzandiyamika pamaso pa amayi, ndipo mawa ndidzakhala mfulu. Switchi sindiikhudza, nanga iwo ananena za mchenga ngati?

Ndinatenga kapu, ndinagwada monga ndinkagwadira pa fulaye, n'kupisa manja onse awiri. Kapu yoyamba inatuluka yoyera. Yachiwiri inatuluka yotuwa. Pa yachitatu mchenga unali bii ngati makala onyowa, ndipo kunatuluka fungo la dzira losukusa limene linandilowa mpaka kukhosi. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinati poti ndayamba, bola ndimalize msanga, ndipo ndinaola ndi liwiro lonse limene Mulungu anandipatsa. Posakhalitsa mchenga unathadi, koma madzi otsala m'mimbamo anali akuda ngati a m'ngalande, pampu osaonekanso.

Apa ndinaganiza zowataya madzi akudawo. Ndinaika paipi, n'kuitsamiza ndi mwala, ndinathamangira pansi pa masitepe, ndinayamwa. Madzi amene analowa m'kamwa mwanga tsiku limenelo sindidzawaiwala. Ndinataya ndowa yoyamba m'maluwa, yachiwiri, yachitatu, yachinayi, mpaka m'mimbamo munatsala matope okhaokha. Ndinathiramo ndowa ija ya madzi abwino amene ababa anakonza, koma inangophimba pansi pokha, n'kuderatu nthawi yomweyo. Ena okonzakonza kunalibe, ndipo mchere wapadera uja unali m'sitolo yokhoma.

Koma ine ndinali mwana wamkazi wa kunyanja, wodziwa kutunga ndi kuphika. Madzi asowa bwanji nyanja ili pakhomo? Mchere usowa bwanji khitchini ili yotsekula? Ndinathamanga maulendo anayi ndi ndowa pamutu, madzi akukhavukira m'maso, diresi lonse chonyowa. Ndinatenga paketi ya mchere wa akhuki, n'kumathira ndikuvundula ndi mkono. Kagalasi koyezera kaja sindinkadziwa kawerengedwe kake, choncho ndinachita zimene amayi anandiphunzitsa pa mphika wa ndiwo. Ndinkaviika chala m'thanki ya pamwamba n'kulawa, kenako m'thanki ya pansi n'kulawa, kuonjezera pang'ono, kulawanso, mpaka lilime linati zafanana. Ndinadziona wochenjera kwabasi.

Chimene chinakana ndi mtundu. Madziwo anali mbuu, fungo likadalipo, ndipo aliyense wotsekula kabatiyo akanadziwa kuti pachitika zinthu. Ndinawayang'ana, ndinawapempha mumtima kuti adekhe, koma madzi samva changu cha munthu. Kenako ndinamva mawu a amuna kumsewu. Mapemphero anali atatha.

Ndikufuna ndinene bwino zimene ndinaganiza pa mphindi imeneyo, chifukwa ndakhala ndikuzibwereza moyo wanga wonse. Sindinaiwale mawu a ababa ayi. Ndinawakumbukira bwinobwino. Koma ndinaona kuti thanki ya pamwamba ndi yaikulu, madzi ake ndi ambiri ndiponso oyera. Ndikayatsa pampu pang'ono chabe, oipawa akwera n'kukasungunuka mwa ambiriwo, oyera atsikira pansi, ndipo ababa akatsekula kabati sapeza umboni. Ndikazimitsa asanalowe. Sindinaganize za nsomba ngakhale pang'ono. Ndinkaganiza za nkhope ya ababa ndi za ine mwini.

Ndinadina switchi ija anandisiya kuti ndiilondere.

Pampu inatsokomola, kenako inagwira. M'thanki yagalasi munatuluka mtambo wotuwa ngati utsi wa zinyalala zonyowa, n'kuyamba kufalikira. Timaluwa ta pamiyala tija tinafwaniratu, tonse tinabwerera m'kati ngati nkhono. Tinsomba tinabalalika. Ndimu inathamanga kuchoka kumapeto kufika kumapeto, inagunda galasi, kenako inakwera pamwamba n'kumayasama. Ndinangoima, chala chili m'malere, osatha ngakhale kuzimitsa. Amene anazimitsa ndi ababa. Sindinawamve polowa, ndinangoona mkono wa mkanjo woyera ukudutsa paphewa panga.

Sanafunse kanthu. Fungo linawauza, ndowa ya mchenga wakuda inawauza, paketi ya mchere inali pansi pomwepo. Anangoti, "Subhanallah," motsitsa, n'kupinda manja a mkanjo wawo wa Lachisanu. Masana onsewo tinalimbana nazo. Anatsekula sitolo, anasungunula mchere weniweni m'beseni ngakhale kuti madziwo sanagone, anawayeza, n'kusamutsiramo nsomba imodziimodzi. Ine anandipatsa kapu kuti ndizitunga madzi a m'besenimo n'kumawathira kuchokera m'mwamba, kuti mpweya uzilowa. Ndinathira mpaka mkono unachita dzanzi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinafune kupita kulikonse. Ndimu inali itagona cham'mbali, chikasu chake chitazilala, makha akutsekuka ndi kutsekeka mofulumira. Ababa ankapuma movutika chifukwa chonyamula madzi, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka, koma sanakhale pansi.

Tinsomba tiwiri tinapulumuka. Ndimu inafa Loweruka m'mawa.

Ababa ananditenga popita kukaonana ndi Abiti Selemani. Tinawapeza atakhala pa mpando wawo wa masiku onse, tiyi atazizira, akuyang'ana nsombayo imene inali pa mbale yoyera. Ababa anavula chisoti n'kufotokoza za mchenga ndi za madzi oipa amene anakwera pamwamba. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso limodzi.

"Nanga pampuyo anayatsa ndani, Che Saidi? Inu ndimakudziwani, simungayatse madzi asanayere."

Anayang'ana ababa, kenako anayang'ana ine. Mawu anali pakamwa penipeni, awiri okha: ndinayatsa ndine. Ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga.

"Amene anasiyira mwana ntchito ya munthu wamkulu ndine, mayi," anatero ababa. "Mlandu ndi wanga."

Abiti Selemani sanakalipe. Bola akanakalipa. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wawo, n'kunena kuti thankiyo ankaisungira nsomba imeneyi basi, ndipo alibenso mtima woyambiranso. Tinsomba totsalato ndi miyala adzapatsa munthu wina wa ku Blantyre amene ankazifuna kuyambira kale. "Sindikukuthamangitsani, Che Saidi," anatero, "koma nanga muzisamala chiyani?" Wa m'maluwa analipo kale, mlonda analipo kale. Mwezi utatha, thankiyo inali youma, ndipo ababa anakapempha malo m'bwato la msuweni wawo.

Sanandimenye. Amayi ndi amene anafuna kundikwapula, iwo n'kuwaletsa. Ndinkalakalaka akanandimenya kuti zithe, chifukwa chilango chimene ndinalandira chinali chotalika kuposa mkwapulo. M'mawa uliwonse ankabwera kuchokera kunyanja atanyowa, milomo itatuwa, n'kukhala pakhonde akutsokomola mpaka misozi, amayi akuwathamangira ndi madzi otentha. Ine ndinkamva chifuwa chimenecho ndili m'nyumba, n'kumadziwa mwini wake weniweni. Paja amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Kwathu mwambiwu sunkafunika kumasulira. Fulaye ndinasiya ndekha, popanda wondiletsa. Ndikagwira mchenga ndinkamva fungo lija.

Panapita milungu ingapo tisanakambe za nkhaniyi. Tsiku lina masana ndinawapeza ababa pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde, ndipo ndinakhala pafupi n'kuwagwirira mbali ina kuti ukungike. Ndinayamba kupepesa, ndikutchula zonse mwandondomeko: kuti ndinaola mchenga, kuti ndinatunga madzi a kunyanja, kuti ndinathira mchere wa ndiwo. Anandidula.

"Zimenezo zisiye, mwanangu. Zimenezo ndi phuma, ndipo phuma ndi la ana. Zonse unachitazo zinali m'thanki ya pansi. Ndikanabwera, ndikanakukalipira, tikanataya madziwo, kutsuka, n'kukonza ena. Nsomba ija sikanadziwa n'komwe kuti pansi pake pachitika kanthu." Anamanga mfundo, naidula ndi mano. "Ukanangokhala pampando paja ndi manyazi ako, n'kundiuza kuti ababa ndalakwitsa, lero bwenzi ndili pantchito. Sunaiphe pamene unalakwa. Unaipha pamene unafuna kuti ndisadziwe."

Ndinalira kwambiri tsiku limenelo, iwo osandiletsa. Nditatonthola anangoti ndikoke ukondewo bwino, ukukhwepa.

Ababa anapalasa bwato zaka zina zisanu ndi chimodzi, mpaka mchimwene wanga atayamba ntchito n'kuwatsitsa m'bwatomo. Chifuwa chawo sichinabwererenso mwakale. Abiti Selemani anamwalira ine ndili ku sekondale, ndisanapeze mtima wokawauza mawu awiri aja, ngakhale ndikukhulupirira kuti ankawadziwa kale. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Panopa ndine namwino, ndipo phuma silinandichoke. Anzanga kuntchito amandiseka kuti ndimayenda ngati ndasiya mphika pamoto. Chaka china, wodi itadzaza, ndinapachika botolo la dilipi la wodwala wina pa bedi la mnzake. Ndinazindikira nditangotsekula, madontho oyamba akuyamba kutsika m'paipi. Palibe anandiona. Ndipo liwu lija la m'chipinda chodyera alendo linabweranso, lokoma ngati kale: sintha mwakachetechete, ndi madontho ochepa, asungunuka m'thupi, adziwa ndani? Ndinamva fungo la dzira losukusa m'wodi mopanda dzira.

Ndinatsina paipiyo ndi chala chachikulu, monga ndinkachitira pansi pa masitepe, ndipo ndinaitana adokotala mokweza, odwala ndi owadikirira onse akumva. Ndinanena zimene ndachita. Anandikalipira, anandilembetsa lipoti, ndipo kwa mwezi wathunthu ndinkayenda nkhope ili pansi. Wodwalayo anamuyeza, anamuyang'anira, ndipo anatuluka ali bwinobwino patapita masiku atatu.

Ndazindikira tsopano kuti kulakwa sindidzasiya, chifukwa manja anga amathamanga kuposa mutu wanga. Koma pakati pa kulakwa ndi kuononga pamakhala kamphindi kochepa, pamene zoipa zikadali m'thanki ya pansi ndipo chala sichinafike pa switchi. Pa kamphindi kameneko munthu amasankha amene alipire: iye mwini ndi manyazi ake, kapena wina amene sanalakwe kanthu.

Nditapita kumudzi ndinawafotokozera ababa za dilipi ija. Anali atakalamba, atakhala pa mkeka, akupuma pang'onopang'ono monga mwa masiku onse. Anamvetsera osandidula, kenako anafunsa kuti, "Unaitana usanabise kanthu?" Ndinati inde. Anagwedeza mutu, n'kuyamba kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Ndinawagwira kumsana mpaka chinadutsa, ndipo sindinasunthe pamkekapo.